Chala chimene ndinkabayitsa pa Chitakale

Ndinali womasulira wa mayi wina wa ku Sweden amene ankafufuza za maselo a m'thupi ndi zimene mwana amatengera kwa makolo ake. Tinkagwira ntchito m'kachipinda kuseri kwa sitolo ina pa Chitakale. Mayiyo sankalankhula zambiri. Masana ankadya nthochi zokha, ndipo akaweramira pa makina ake oonera tinthu ting'onoting'ono, munthu ukanamuvula nsapato iye osadziwa.

Vuto linali magazi. Kwathu kuno mzungu wofuna magazi ali ndi dzina kale: namapopa. Anthu ankabwera ndithu, koma akaona singano ankakumbukira kuti asiya mbuzi osamangirira. Ndiye ine ndinkabayitsa chala changa iwo akuona, kuti achotse mantha. Ndinkachita monyadira.

Tsiku lina anthu atapita, mayiyo anathira mankhwala pa dontho langa, napenya nthawi yaitali, kenako n'kundiitana. Maselo ena anali atapindika ngati zenga. Anandifotokozera pang'onopang'ono kuti kupindikako ndi chizindikiro cha matenda ena a magazi: ine sindidzadwala, koma mbewu ya matendawo ndili nayo. Mwana amadwala pokhapokha ailandire kwa onse awiri, mayi ndi bambo.

Apo n'kuti ine ndi mkazi wanga titaika m'manda ana awiri. Onse ankatupa manja, kutha magazi, kulira ndi mafupa. Mayi anga anali atagamula kale mlandu: ndinakalowa chikamwini ku mtundu wa magazi oipa. Mkazi wanga anakhulupirira. Inenso ndinakhulupirira, poti zinkandipepukira.

Ndinayenda wapansi kupita kunyumba, ndikuyeseza mawu. Ndikanena, mayi anga asanduka onama pamaso pa apongozi awo, ine n'kusanduka mkamwini wobweretsa maliro pamudzi wa eni. Ndinaopa, ndipo palibe dzina lina loti ndingalitchule.

Mkazi wanga ndinampeza akusenda nandolo pakhonde. Sanadzutse mutu.

"Bambo a ana, amayi anu anabwera. Akuti mukapeze mkazi wina wakuberekerani ana okhala moyo. Ine sindikuletsani. Magazi oipawa ndi anga."

Ndinakhala pansi. Ndinatsegula pakamwa, zonse zili pa lilime.

"Sindipita kulikonse," ndinatero. "Ndakukhululukirani."

Anagwada n'kuomba m'manja. Mayi wa ku Sweden anabwerera kwawo chaka chomwecho. Mkazi wanga mpaka lero amauza anzake ku tchalitchi kuti anakwatiwa ndi munthu wa chifundo.