Tsiku Limene Tinasinthana Nsapato

Kwathu ku Palabana ine ndekha ndinabadwa wakuda bii ndiponso wamtali, pomwe abale anga onse ndi oyererako ngati atate. Azakhali ankakonda kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena akuseka, "Uyu ni wa kuti uyu?" Anthu ankaseka nawo. Koma ine mumtima ndinkaopa kuti mwina sindine mwana wa atate.

Aphunzitsi athu a bayoloje ku sekondale anali mayi wamfupi wa mawu ngati a kondakitala wa minibasi. Ndimawasilira mpaka lero. Tsiku lophunzira meyosisi, kugawikana kwa selo kumene kumapanga dzira la mayi kapena mbewu ya bambo, anaponya choko patebulo n'kutitulutsira kubwalo la netibolo.

"Lelo ndimwe makromozomu!" anakuwa. "Ovala majuzi mwachoka kwa amai, osavala mwachoka kwa atate."

Aliyense anagwirana dzanja ndi mnzake wovala mofanana, poti kromozomu, kaulusi ka m'selo konyamula chibadwa chochokera kwa makolo, imayamba yadzikopera. Kenako awiri a majuzi anayandikana ndi awiri opanda majuzi n'kusinthana nsapato imodzi. Phokoso lake! Ine ndinalandira chinsapato cha mnyamata wina, chonunkha ngati khola la ng'ombe. Tinandanda pamzere wapakati, aphunzitsi n'kuimba wezulo: awiri awa kugolo uku, awiri awo kugolo uko, mosasankha. Wezulo wachiwiri atalira, ogwirana manja aja tinasiyana, ndipo pabwalo panaima magulu anayi.

"Yang'anani kumapazi," anatero aphunzitsi. "Gulu iti ifanana na inzake? Palibe! Ndiye chifukwa mai umozi na tate umozi sabala bana bofanana monga mabanzi."

Anzanga ankafa ndi phwete, koma ine misozi inalengeza m'maso. Aphunzitsi anaona. Anangobwereza mawu aja pang'onopang'ono akuyang'ana kwina, kuti anzanga asandizindikire.

Madzulo ndinapeza atate akukama ng'ombe. Ndinawafotokozera zonse mothamanga, za majuzi, za wezulo, ndi zoti mwana akhoza kusiyana ndi abale ake koma ali wa bambo yemweyo. Mkaka unasiya kulira mundowa.

"Nindani anakuuza kuti sindiwe wanga?" anafunsa motsitsa mawu.

Maso anga anathamangira kumene kunali nyumba ya azakhali. Anapukuta manja pabuluku, n'kundigwira dzanja, ndipo tinalunjika kunyumba kwa azakhali, ng'ombe itatsala yokamidwa theka.