Chitseko cha Achemwali Eneles

Alamu anga a Bizwick anagwira ntchito imodzi moyo wawo wonse: kusenza matabwa a mkungudza kuchokera pamwamba pa phiri la Mulanje, kumene anthu ankacheka, n'kutsikira nawo kunsi. Nkhata inawadya tsitsi lonse la paliwombo, ndipo ine, poti chilamu n'kuseka, ndinkawauza kuti pamenepo mpoyanikapo ufa. Akadutsa, fungo la mkungudza linkatsalira m'njira kwa kanthawi.

Koma manyazi ake, munthu wosenzera anzake zitseko kwake kunali chitseko cha mapesi. Akazi awo, achemwali anga a Eneles, anawaimbira nyimbo imeneyi zaka makumi awiri, amvekere woumba mbiya amaphikira m'phale. Mu 1978 alamu anagonja. Anayamba kupempha kwa ocheka thabwa lililonse lokhota pang'ono, n'kumalisanjika pamitanda ya denga. Atakwana asanu ndi limodzi, nyumba yonse inkanunkhira ngati kuphiri. Achemwali akaweruka kothyola tiyi ankagona chagada pamphasa n'kumawayang'ana, kumalota masanasana za chitseko cha loko, chimene adzachitsegule pang'onopang'ono kuti anthu amve kulira kwake.

Sanachitsegule. Anadwala masiku atatu okha m'mwezi wa Juni, basi n'kumwalira. Kalipentala wa m'mudzi, a Wyson, atafunsa za matabwa a bokosi, alamu anakwera pampando n'kutsitsa onse aja ndi manja awo.

Kuyambira pamenepo anasiya kupita kutchalitchi. Akulu a mpingo atabwera kudzawachezera, anawauza kuti Mulungu wochitira mayi wosauka nsanje ya chitseko alibe naye mawu. Titawasudzula monga mwa mwambo, tinati ali ndi ufulu wobwerera kwawo ku Thuchila kapena kukhala nafe. Anangoti kulikonse n'chimodzimodzi. Ndinachita mantha ndi mawu amenewo.

Tsiku lina m'mawa, chiperoni chitaphimba phiri lonse, anatenga nkhata yawo n'kukwera okha. Tsiku lotero palibe wosenza amene amakwera, ndipo tonse timadziwa kuti wolowa m'chifunga ndi mtima wolemera sabwerako. Ndinakhala pakhonde tsiku lonse, wokwiya nawo, wokwiyanso ndi Mulungu, sindibisa. Ndinapemphera mokalipa.

Anatulukira dzuwa litapendeka, atanyowa ngati nkhuku. Atakhala pansi anandiuza kuti anakafika pamwala wina wa m'mphepete mwa phompho, osaona ngakhale zala zawo, ndipo maganizo otsika analibe. Ali chikhalire, panadutsa fungo la mkungudza wongocheka kumene, pamalo popanda mtengo ndi umodzi womwe. Anandifotokozera kuti chifunga chikawapeza osenza m'njira, mnzako wakutsogolo sumuona, mapazi ake suwamva, koma thabwa lake umalinunkhiza. Ukalimva umadziwa kuti ali moyo ndipo njira ilipo, ndiye umangotsatira. Iwonso anadzuka n'kutsatira, fungolo likuzimirira n'kubwereranso, mpaka anangozindikira ali pamtsinje wa kunsi.

Ine ndi pakamwa pangapa ndinati mwina inali nkhata yawo yomweyo imene inkanunkhira. Anaseka, koyamba chimwalirireni achemwali.

"Alamu, mkazi wanga sindinamutaye," anatero. "Wangotsogola ndi matabwa ake. Ndipo Amene ali patsogolo pake anadutsamo kale m'chifunga chimenechi."

Lamulungu lotsatira anabwera kutchalitchi, nakhala kumbuyo, osaimba. Kuimba kunadzabwera patapita miyezi, ndipo kunena zoona mawu awo sanali okoma.

Anakhala nafe zaka zina khumi ndi chimodzi, akusenzabe mpaka mawondo atakana. Chitseko cha mapesi chija sanachichotse. Munthu akawaseka ankati cha matabwa anapereka kale, mwini wake anapita nacho.

Atamwalira mu 1989, tinayamba kudandaula za bokosi. A Wyson, okalamba tsopano, sanafunse munthu. Anangolowa m'nyumba ya alamu n'kuloza kudenga ndi ndodo yawo. Pamitanda paja panali matabwa asanu ndi limodzi, okutidwa bwinobwino ndi masaka.

Popita kumanda kunali kachifunga kopyapyala, ndipo onyamula bokosi anatisiya patali ife amayi, moti sitinkawaona. Anzanga ankaimba. Ine ndinasiya kuimba, ndinkangokoka mpweya ndi mphuno, misozi ili chuchuchu, n'kumatsatira.