Dresala amene anayankha kalata ya ku Joni

A Mackford Longwe anatsuka zilonda pachipatala china ku Nkhata Bay zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo kunena zoona, ntchito ankaidziwa. Anali dresala chabe, koma anthu akawatchula kuti adokotala sankakana.

Zilonda za pamwendo, zija zimakhala zaka pamwamba pa akakolo, ankangoziyang'ana n'kudziwa mathero ake. Chikakhala chofiira ngati mkati mwa papaya, m'mbali mukuyera kakhungu katsopano, ankati, "Ichi chipola." Chikakhala chotuwa, m'mphepete mouma gwa, chikuchucha madzi onunkha, ankangopukusa mutu. Lachisanu lililonse ankaika pepala lopyapyala pachilondapo n'kuzunguliza mzere ndi pensulo. Mwezi ukatha mzerewo osachepa, basi, kwa iwo nkhani inali itatha. Kudzitama ndiye kunalipo, abale inu! Ankayenda ngati chipatala chonse anamanga okha.

M'chaka cha 1972 kunabwera Rosina Nyamanda, mayi wa ana anayi, wogulitsa nsomba ndi chinangwa padoko. Ankaima chilili kuyambira m'mawa, mitsempha ya m'miyendo itatupa, ndipo chilonda chinali chitatha chaka. Mwamuna wake, Cyrus Mhone, anali khukhi ku Joni. Mwezi unatha, mizere inayi ija n'kukhala yofanana ndendende.

Kenako kunafika kalata ya Chingerezi, pamwamba atalemba kuti Dokotala Longwe. Anali Cyrus, akufunsa ngati mkazi wake adzachira. Dzina limenelo linawalowa m'mutu bambowa. Anayankha tsiku lomwelo, Chingerezi chozama, kuti chilonda chotere sichidzapola mpaka kalekale. Kumufunsa mwini mwendo? Ayi ndithu, sanaganizeko n'komwe.

Banja la Nyamanda linathera papepala limenelo. Cyrus analitumiza kwa abale ake, iwo n'kuliwerenga pagulu, mayiyo ali pomwepo, wina akumasulira m'Chitonga. Anamuuza kuti mwamuna wapeza mkazi wina ku Joniko. Nyamanda anatenga ana kupita kwa mlongo wake Amon ku Chikale. Padoko anasiya kuonekera chifukwa cha manyazi, kuchipatalanso osapondako. Ankangokhala pamchenga kusoka maukonde a mlongo wakeyo, mwendo atausanjika pabwato logadabuza, ataukulunga zolimba ndi nsanza kuti anthu asauone.

A Longwe nkhaniyi anaimva. Inawaluma, koma ankadzitonthoza kuti bodza sananame.

Patapita zaka ziwiri anamuona Nyamanda pamzere wa kuchipatala, atagwira mwana amene anapsa ndi phala padzanja. Atafika kutsogolo, anakweza chitenje pang'ono. Panali chipsera chosalala, chouma. Mwendo umene unkangofuna kupuma, iwo anauweruza osafunsa kuti mwiniwake amaima maola angati patsiku!

Manyazi anawagwira, thukuta kamukamu, thonje n'kugwa m'manja. Pamzere panali anthu amene anamva kalata ija ikuwerengedwa.

"Ama," anatero motsitsa mawu, "ndinalakwa. Ndimulembera Mhone lero lomwe, ndimuuza kuti mwachira."

"Mumulembere chiyani, ada?" anayankha Nyamanda. "Mkazi uja ali ndi mwana kale. Ine ndinkabwera kwa inu Lachisanu lililonse, kugwada kukupatsani moni, kalatayo mutatumiza kale. Bwanji osandiuza ineyo? Ndinakamvera kwa alamu, anthu akundiyang'ana mwendo."

A Longwe anakoka kampando, n'kuyamba kutsuka dzanja la mwanayo, maso ali pansi. Mwana ankalira, iwo bandeji mpaka kumanga kawiri. Atamaliza, mayiyo anagwada monga mwa ulemu wake, nati, "Yewo, ada." Kenako anatembenukira mayi wina amene anali kumbuyo kwake, mwendo utakulungidwa, n'kumuuza mokweza kuti aliyense amve: "Kutsuka amatsuka bwino. Koma dzina la amuna anu musawapatse."