Busita wa ku Joni ndi Petulo wa M'chigubu

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene tinabweza kasitomala wachitatu m'sabata imodzi. Ndinkagwira ntchito pagalaja ya Che Saidi, kuseri kwa Ginnery Corner, chisiyireni sukulu. Magalimoto akale tinkawamasula n'kuwamanganso tikucheza. Koma m'tauni munayamba kuchuluka timagalimoto tatsopano ta injini za tebo, ndipo tikatsegula boneti tinkangoyang'anana. Che Saidi ankangoti, "Pitani nayo kwina, bwana, ife tingakuwonongereni." Mawu amenewo ankandichititsa manyazi koopsa.

Amayi ndinawauza akuchapa pakhomo pathu ku Chilobwe. Bambo anali atamwalira kale, mlongo wanga ali pabanja ku Mzuzu, choncho ndinkawasiya okha. Anafinya nsalu nthawi yaitali, kenako anati, "Pita, Pilirani. Ukaphunzire zenizeni." Che Saidi sindinawatsanzike pamaso. Ndinawatumizira uthenga basi ili kale pachipata cha Mwanza, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimazyolika.

Chaka choyamba ndinkangotsuka zitsulo, tikugona anthu anayi m'kachipinda kamodzi. Kenako ndinalowa pagalaja ina yokonza magalimoto a anyamata okonda liwiro. Kumeneko ndiko ndinadziwira timabotolo ta busita, mankhwala othira m'thanki. Mwini galajayo anandifotokozera kuti tebo imakankhira mpweya wambiri mu injini, mkatimo n'kutentha kwambiri, ndiye petulo akakhala wofooka amayaka nthawi yake isanakwane ndipo injini imagogoda. Busita amathandiza petulo kupirira. "Koma amathandiza petulo wabwino yekha," ankatero. "Wonyansa samutsuka."

Ntchito inkandikomera. Chinkandivuta chinali Lamulungu. Anzanga akapita kokayenda, ine ndinkakhala pabedi n'kumamvetsera mauthenga a mawu a amayi, ena katatu. Onse anali ofanana. "Kuno tili bwino. Mvula yagwa. Ukudya koma?" Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, ndipo mwezi umene ndalephera ndinkachita manyazi ngakhale kuimba foni. Iwo sankafunsa.

Nditatha zaka zisanu ndi chimodzi ndinabwerera ndikuyendetsa galimoto yangayanga, yofiira, ya tebo, kumbuyo kuli katoni ya busita. Ndisaname, ndinkafuna Chilobwe yense andione. Amayi anatuluka akuseka, koma nditawakumbatira ndinamva mafupa. Ndinadziuza kuti ndi ukalamba chabe.

Patapita masiku atatu amayi anati, "Mawa ndili ndi tsiku kuchipatala chachikulu."

"Tsiku la chiyani, amayi?"

"La shuga. Mwezi uliwonse ndimapita. Chino n'chaka chachinayi."

Anazinena ngati akunena za mtengo wa tomato.

Nthawi imeneyo petulo anali atasowa m'tauni, mizere ikuchita kukhota m'misewu, ndipo thanki yanga inali pansi. Ndinagula wa m'chigubu kwa munthu wina m'mbali mwa msewu. Fungo lake linandikayikitsa, koma ndinathiramo mabotolo awiri a busita n'kudzilimbitsa mtima. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti sizitero. Kungoti sindinkafuna kuti amayi akwere minibasi mwana wawo ali ndi galimoto.

M'mawa tinanyamuka asanadye kanthu, poti amakayezedwa magazi. Tisanafike ku Kamba injini inayamba kulira ngati miyala m'chitini. Inatsokomola, inatulutsa utsi, n'kuzima. Ndinaliza kiyi kangapo, osatheka. Minibasi zinkadutsa zodzaza. Nditacheuka ndinaona amayi akutuluka thukuta pamphumi, manja akunjenjemera.

"Tandipatsa foni yanga m'chikwamamo," anatero mofooka. Anadina batani limodzi lokha. "Che Saidi, ndine. Galimoto yatifera pafupi ndi Kamba. Eya, ndili naye mwana wanu."

Posakhalitsa inatulukira pikapu yakale ija imene ndinaphunzirirapo kumanga mabuleki. Che Saidi anatsika, ndevu zonse zayera. Ine sanandiyang'ane n'komwe. Anapita kwa amayi, anawagwira dzanja, n'kutulutsa maswiti awiri m'thumba la malaya. "Yamwani kaye, mayi a Pili. Zoyeza tikawafotokozera." Pampando wakutsogolo panali kale kapilo ka amayi. Ine ndinakwera kumbuyo, pakati pa matayala akutha.

Kuchipatala Che Saidi ankadziwa khomo loyenera, benchi yosafika dzuwa, ndi zenera lolandirira mankhwala. Namwino wina anawapatsa moni n'kufunsa, "Achimwene, lero mwachedwa nawo bwanji alongo anu?" Che Saidi sanamukonze. Ine ndinaima pambali nditanyamula chikwama cha amayi, ngati mlendo.

Masana, amayi atadya n'kugona, tinakakoka galimoto ija mpaka kugalaja. Tinakhuthula thanki yonse m'beseni. Che Saidi anaviika chala, n'kununkhiza.

"Parafini uyu. Ndi madzi pang'ono."

Nditamasula mapulagi ndinawapeza atachita dzimbiri lofiirira chifukwa cha busita wochuluka amene ndinkathira njira yonse yochokera ku Joni. Ndinkayembekezera kuti andiseka. Koma anatola botolo lopanda kanthu, analitembenuza, n'kukhala pa tayala.

"Tandiphunzitsa. Kamagwira ntchito bwanji kameneka? Akubwera nato ambiri masiku ano, ine ndimangogwedeza mutu."

Ndinawafotokozera zonse, za mpweya, za kutentha, za muyezo wake pa thanki imodzi. Ankamvetsera mwachidwi, n'kumafunsa mobwerezabwereza pamene sanamve. Kenako ndinafunsa chimene chinkandidya.

"N'chifukwa chiyani panalibe wondiuza?"

"Amayi ako anatiletsa. Anati ukamva uthamangira kuno usanamalize chimene unapitira." Anapukuta manja pa ovolo. "Mwezi woyamba ndinangowapeza pa siteji atakhala pansi, chizungulire. Ndinawanyamula. Basi, zinangopitirira. Ine ndikatanganidwa amapita nawo a Phiri, owotcherera zitsulo aja. Mkazi wanga ndiye amawaphikira phala la pobwerera."

Ndinayesa kupepesa za uthenga uja wa ku Mwanza. Ananditseka pakamwa ndi dzanja lokweza m'mwamba.

"Zimenezo zinapita. Mvera izi. Tsiku lawo ndi Lachinayi loyamba la mwezi. Muzifika sikisi isanakwane, apo ayi mukhala mpaka masana. Akakuuza kuti ali bwino usamvere pakamwa, uziyang'ana manja."

"Ndamva, Che Saidi."

"Ndipo mwezi wamawa ndipita nanu ndithu. Anamwino aja sakukudziwa iwe."