Malo Opanda Mawu M'nyimbo ya Aphunzitsi

Aphunzitsi athu a kwaya anabwera kumudzi atapuma pantchito, imvi zitadzaza kale m'mutu. Anabadwira konkuno kufupi ndi Lizulu, koma anakulira ku Joni kumene bambo awo ankagwira ntchito m'migodi. Kumeneko ndiko anaphunzira kuimba limba ndi kuwerenga manotsi, timadontho takuda tija tokhala pamizere isanu. Atakula anaimba m'maholo akuluakulu, anaimbitsa magulu a anthu a mavayolini ndi malipenga, kenako anaphunzitsa nyimbo m'sukulu za m'tauni zaka zambiri. Ife zonsezi tinkangozimva. Amene tinkawaona ndi bambo wa jekete yakale, wobwera pa kabaza chikwama cha mapepala chili pamwendo, amene pakati pa anthu makumi atatu ankatha kuloza wosokoneza nyimbo asanamalize n'komwe mzere.

Nthawi zambiri wolozedwayo ndinali ine.

Ndimaimba alto. Masiku a ntchito ndimagulitsa kachewere pamsika, ndipo mawu anga anakulira pamsewu, poitana anthu a m'mabasi. Tsiku lina aphunzitsi anaimitsa kwaya nati, "Mayi, Mulungu ali pafupi. Musamukuwire ngati ali ku Mozambiki."

Bambo wina wa besi anayankha ali kumbuyo, "Aphunzitsi, Mozambiki ndi patsidya pa msewu pompa. Ndiye kuti mawu awo adutsa mpaka kunyanja yamchere."

Tonse tinaseka, ngakhale aphunzitsiwo.

Panali nyimbo imodzi imene anaipeka okha, ya mawu anayi, ya pa Pasaka. Anatilembera pabolodi m'ma do re mi, poti timadontho tawo tija palibe ankatiwerenga. Chakumapeto, pamene mawu amanena kuti amayi apeza mwala utachotsedwa pamanda, kwaya yonse imayenera kuima. Dzanja lawo limagunda m'mwamba kanayi popanda wotulutsa mawu, kenako tonse pamodzi timalowa ndi mawu akuti wauka.

Malo amenewo ndiwo anandivuta. Kwathu kuno nyimbo ikaima mwadzidzidzi, ndiye kuti wotsogolera waiwala mawu kapena chifuwa chamugwira, ndipo munthu woleredwa bwino amamuwombola. Pamaliro, paukwati, pa ngoma, amayi anga anandiphunzitsa kuti mnzako sumusiya yekha panyimbo. Choncho kwaya ikangoti zii, pakamwa panga pankatseguka pokha. Ndinkadzidzimuka ndikumva mawu anga ali okhaokha m'tchalitchi. Zaka zitatu tinaimba nyimboyo pa Pasaka, ndipo zaka zitatu ndinaiphwanya, kamodzi pamodzi ndi masoprano awiri, kawiri ndekha.

Chaka chachinayi tinayamba kuona zachilendo. Tenala wina anaphonya poonekera, aphunzitsi osaimitsa. Poimba limba ankaweramira pafupi kwambiri, ndipo munthu akamalankhula ankamuyang'ana pakamwa. Lachitatu lina mvula ikugwa, atatseka limba, anatiuza okha.

"Makutu anga akutsekeka. Ikatha Pasaka ndisiya. Ndaimbitsa nyimbo za anthu ena m'malo ambiri ndipo zinatheka. Yanga yokhayi sinaimbidwepo monga ndinailembera. Ndikupempha kamodzi kokha."

Palibe anandiyang'ana, koma ndinamva ngati maso onse ali pa ine. Anzanga atatuluka ndinatsala, ndinagwada pafupi ndi mpando wawo n'kukweza mawu kuti amve.

"Aphunzitsi, tsiku limenelo ine ndikhale pansi ndi mpingo. Nyimbo yanu iyende bwino."

"Mukuti chiyani?"

"Ndikuti ndikhale pansi!"

"Ayi. Benchi nalonso limakhala chete, koma sindinalembere benchi. Ndinalembera munthu amene mawu ali nawo, ndipo akumuyabwa pakhosi." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Inu mumawerenga Mawu kuposa ine. Amayi aja atafika kumanda m'mamawa, anayamba ndi nthungululu?"

"Ayi. Anachita mantha. Sananene kanthu."

"Ndi zomwezo ndikukupemphani. Muchite mantha kanayi."

Ndinapita nazo kunyumba. Ndinaganiza za mneneri uja wa m'phanga, amene sanapeze Ambuye m'mphepo kapena m'moto, ndi za wansembe uja amene anatsekedwa pakamwa mpaka mwana wake atabadwa. Ndinaona kuti ngakhale popemphera ndinkadzaza mpata uliwonse, ngati kuti ndikasiya kulankhula Ambuye asowa chonena. Ndinayamba kudziphunzitsa pamsika. Basi ikaima, ndinkawerenga mumtima kanayi ndisanaitane. Pofika pa kanayi anzanga anali atafika kale pamazenera ndi mabeseni awo.

"Achemwali, mwadwala kodi?" anandifunsa woyandikana naye benchi, wogulitsa kabichi.

"Ndikuphunzira kwaya."

"Kwaya yake yosaimba? Imeneyo ndiye ndilowa nanenso."

Pokonzekera ndinkapambana lero, mawa n'kugwa. Mlungu womaliza ndinagwa kawiri.

M'mawa wa Pasaka tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima m'mazenera. Aphunzitsi anaima patsogolo pathu atafulatira mpingo, kandodo kawo koimbitsira kali m'dzanja. Tinayamba bwino. Mabesi anayenda pansipansi monga anawaphunzitsira, ife tinalowa pamwamba pawo, ndipo ndinamva malo aja akuyandikira. Ndinapemphera mwachidule kuti Ambuye aike mlonda pakamwa panga. Tinafika pa mwala uja, dzanja lawo linakwera, tonse tinaima.

Kamodzi. Kawiri.

Pachitatu, kumbuyo kwenikweni, mayi wina wa m'gulu la amayi ovala zoyera analulutira. Sindimuimba mlandu. Anamva kwaya yaima, ndipo anachita chimene amayi ake nawonso anamuphunzitsa. Ena awiri anamulandira. Ife a kwaya tinagwira milomo yathu. Aphunzitsi sanatembenuke. Maso awo ankayenda pakamwa pathu mmodzimmodzi, ndipo atafika pa ine anapeza potseka. Nkhope yawo inawala. Dzanja linagunda kachinayi, linatsika, ndipo tinalowa ndi mphamvu imene sitinakhale nayo chiyambire.

Titatuluka, anthu akupatsana moni pabwalo, aphunzitsi anandiitana.

"Mayi, pakamwa panu ndaona. Zikomo. Koma kumbuyo kwanga ndilibe maso, ndipo makutu mukuwadziwa. M'tchalitchi munali chete?"

Bambo wa besi uja anali ataima kumbuyo kwawo, akundigwedezera mutu mwamphamvu kuti ndivomere. Masoprano ankanditsinzinira. Nanenso ndinkafuna kuvomera. Liwu limodzi lokha, ndipo munthu wokalamba akanapita kwawo ndi chimene anapempha. Koma anali atandisankha kuti ndikhale makutu awo, ndipo tinali titangochoka kumene pa gome la Ambuye. Ndinayandikira khutu lawo.

"Kwaya inakhala chete, aphunzitsi. Koma amayi ena kumbuyo analulutira."

Bambo wa besi anagwira kumutu. Aphunzitsi anandifunsa akuyang'ana kandodo kawo.

"Analowa pachingati?"

"Pachitatu."

"Ndiye kuwiri kunatheka."

"Kunatheka."

"Tandiuzani. Kunali bwanji?"

Sindinayembekezere funso limenelo. Ndinayenera kukuwa pofotokoza, anthu akutiyang'ana. Ndinawauza kuti ndinamva malata akulira ndi dzuwa pamwamba pathu, chinthu chimene sindinachimvepo m'tchalitchi chimenecho chibadwire. Ndinawauza kuti ndinamva khanda likuyamwa pabenchi lachitatu, ndi munthu wina akukoka mpweya osautulutsa. Ndinati zinali ngati anthu onse aja aima pakhomo pa manda, ndipo palibe akudziwa ngati alowe kapena athawe.

"Munachita mantha?"

"Kwambiri."

Anatulutsa kansalu m'thumba la jekete, anapukuta magalasi, ndipo anachedwa kuwavalanso.

"Ndi yomweyo," anatero. "Ndi imene ndinalemba." Kenako anatembenukira kwa bambo wa besi. "Inu, ndinaona mthunzi wa mutu wanu ukugwedera pansipa. Bodza pa Pasaka, bambo?"

Lachitatu lotsatira sanabwere ndi kandodo. Anakhala pabenchi lakutsogolo, woimbitsa watsopano ataima pamalo pawo. Mpaka lero amabwera, ndipo tikamaliza nyimbo amandikodola kuti ndikawauze mmene yamvekera. Ndimawauza zonse, ngakhale pamene wosokoneza ndili ine.