Mano Achikasu pa Chinkhoswe

Mano anga a m'mbali anatha ndikadali mtsikana. Ndinkagulitsa matemba ku Kachulu, ndipo chakudya changa cha masana chinali nzimbe, masiwiti ndi tiyi wothira shuga mopanda chisoni. Dzino likayamba kuwawa ndinkaikapo mchere, likakana ndinkakwera minibasi kukazulitsa ku Zomba. Ndinazolowera kuseka nditaphimba pakamwa ndi dzanja, anthu n'kumanditama kuti ndine mkazi waulemu. Ulemu wa chiyani, ndinkabisa mapanga.

Ndiye tsiku limene a zamano anabwera pa sukulu ya kwathu kudzapaka ana mankhwala, ndinalawirira pa mzere nditagwira mwana wanga wamkazi padzanja. Anali sitandade wani. Mayi wopakayo anamupukuta mano ndi thonje, n'kupaka ndi kaburashi zinthu zomata zooneka ngati uchi. Anati zimenezi ndi vanishi, ndipo muli mankhwala otchedwa fulorayidi. Vanishiyo akakhudza malovu amauma n'kukakamira pa dzino, kenako fulorayidi amatuluka pang'onopang'ono kulowa m'chikhungu cholimba cha dzinolo, kuti shuga asachiboole msanga.

"Zili ngati mchere pa mlamba, mayi, sulowa nthawi imodzi," anandiuza choncho. "Asatsuke mano mpaka mawa, asadyenso zolimba kapena zotentha."

Koma mano a mwanayo anasanduka achikasu, ndipo masana a tsiku lomwelo kunali chinkhoswe cha mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga. Amene anasankhidwa kuvina patsogolo anali mwana wanga yemweyo.

Apongozi anga aakazi anamuona atavala kale diresi. "Tayasamula iwe! Wadya chiyani?" Nditawafotokozera, anangoti mfyuu. Alendo ankachokera ku Songani, wojambula zithunzi anali atafika, ndiye mdzukulu wawo akaseke ndi mano ngati a mbuzi? Anatola khala pa mbaula, n'kulinyenya pa mwala, n'kumukokera mwanayo pakati pa miyendo yawo.

"Amayi, musamutsuke," ndinatero.

"Inu khalani chete. Ana anga onse ndinawatsuka ndi makala, afa angati?"

"Iyayi, amayi. Mawa mumutsuke mmene mungafunire, lero ayi."

Azimayi amene ankapeta mpunga anasiya malichero. Chikwatiwire pabanjapo ndinali ndisanawayankhepo apongozi nditaimirira. Kunena zoona ndinkaopa, koma ndinali nditapsa mtima kuposa mantha. Apongoziwo anandiuza kuti ndikufuna kuchititsa banja lawo manyazi chifukwa cha phula la kuchipatala. Chala chawo chakuda ndi makala chinali chitafika kale pa mlomo wa mwana.

Sindinawagwire dzanja, zimenezo sindikanachita. Ndinangogwada pamaso pawo, n'kuyasamula kukamwa konse, n'kukoka tsaya ndi chala kuti aone bwino mpaka kumapeto, uku ndi uku. Zaka zonsezo anali asanaonemo.

"Manyazi ake ndi awa, amayi. Chimanga chokazinga ndimangochimva fungo. Nyama ya lero ndiidya ngati khanda. Uyu ndiye ayi."

Anayang'ana m'kamwa mwangamo nthawi yaitali. Kenako anapukuta chala pa chitenje, n'kumukankhira mwanayo kwa ine. Sanandiyankhulenso mpaka titakolola mpunga, ndipo ine sindinapepese. Amuna anga anayesa kundinyengerera kuti ndipite ndi nkhuku, ndinawauza kuti nkhukuyo akapereke okha ngati yawakwana.

Mwana anavina, fumbi koboo, akuseka ndi mano ake achikasuwo. Nyama ndi chimanga ndinamuletsa, anadya mpunga ndi msuzi wozizira akundiyang'ana ndi diso loipa. Zithunzi zitabwera, apongozi anapachika zonse kupatula chimodzi. Ndinachitenga ine, chili pakhoma kwanga mpaka lero. Patsogolo pali mwana wanga, mano onse pamtunda. Kumbuyo kwake ndili ine, ndikuseka, manja onse awiri ali m'chiuno.