Kaseti Nambala 17

Pakhonde la sitolo ina moyang'anana ndi pokwerera maminibasi a ku Lusaka pamakhala Mayi Martina Chisale ndi makina awo osokera. Ana asukulu ambiri a ku Nangongwe amavala mayunifomu odutsa m'manja mwawo. Salankhula kwambiri. Munthu akabwera ndi thalauza long'ambika, amaliyang'ana mkati ndi kunja, n'kungonena tsiku lodzalitenga.

Bambo awo adachokera ku Malawi kudzagwira ntchito kufakitale ya nsalu, koma mayi awo anali Msoli wa ku Shimabala. Motero Martina adakula akumva Chichewa kutchalitchi, Chisoli kukhitchini, ndi Chitonga kwa amayi ogulitsa nsomba.

Mwamuna wawo, Ambrose, anali kalaliki pasiteshoni ya sitima. Loweruka lililonse ankanyamula wailesi ya makaseti kupita nayo kumtsinje, kukajambula mawu a asodzi ndi amayi owamba nsomba: mayina a nsomba, nyimbo zokokera ukonde, nkhani za zaka zimene madzi adasefukira. Tauni yonse inkamudziwa ndi ntchito imeneyi. Chimene anthu sankadziwa n'chakuti Ambrose Chisoli ankachimva mwa apo ndi apo. Lamlungu masana, akachoka kutchalitchi n'kutsuka mbale, Martina ndiye ankakhala ndi wailesiyo. Ankamvera pang'ono, kuimitsa, kubweza, n'kulemba m'kope mawu alionse monga adatulukira pakamwa, tanthauzo lake m'Chinyanja lili mmunsi. Adachita zimenezi zaka khumi ndi chimodzi. Makaseti adakwana makumi atatu, iliyonse ndi kope lake la nambala yofanana, ndipo pachikuto pa kope lililonse Martina ankalemba kuti A. Chisale.

Chaka chatha Martina ndi Ambrose adamva pawailesi mphunzitsi wina wa kuyunivesite ku Lusaka, Dokotala Choolwe, akupempha anthu akufuna kwabwino kuti athandize gawo lophunzitsa zinenero za m'dziko muno. Ena atha kupereka ndalama, iye adatero, ena mabuku. Koma chosowa kwambiri chinali mawu ojambulidwa, makamaka a Chisoli, poti ophunzira analibe pomvera chinenerocho. Ambrose adaimba foni tsiku lomwelo. Adagwirizana kuti Dokotala Choolwe adzabwera Lachisanu lomaliza la mwezi wa Juni kudzatenga bokosi lonse lachitsulo limene ankasungiramo makaseti ndi makope.

Ambrose adamwalira mu Meyi.

Maliro atatha, abale adayala katundu wa malemu pamphasa kuti agawane monga mwa mwambo. Wogawa anali Cephas, mkulu wake wa Ambrose. Martina adakhala pambali atafunda chitenje kumutu, pakuti namfedwa salankhula pamwambo wotere. Majekete adapita, nsapato zidapita. Kenako Cephas adatsegula bokosi lachitsulo lija.

"Awa ni matepi yamene anali kukonda mufana wanga," adatero. "Aliyense atengeko imodzi, ikhale chikumbutso."

Manja adalowa m'bokosi. Makope palibe adawafuna. Maso a Martina adatsatira kaseti iliyonse mpaka m'thumba limene idalowa. Anthu atabalalika adatenga pepala n'kulemba mayina onse, nambala ili pambali.

Kulondola chinthu chogawidwa pamaliro ndi manyazi aakulu. Martina ankadziwa kuti adzatchedwa mkazi waumbombo. Ankadziwanso kuti kope lopanda kaseti yake lili ndi mawu koma lilibe kamvekedwe, ndipo wophunzira sangadziwe pokweza ndi potsitsa liwu. Kunali kutatsala milungu itatu. Adavindikira makina ake masana alionse n'kuyamba kuyenda, makope ali m'chikwama.

Adayambira kwa Eunice, mlongo wake wa Ambrose, ku Nangongwe komweko. Kaseti inali mu kabati ya magalasi, pakati pa makapu a alendo.

"Bwanji ba mulamu, mwayamba kale kulonda vinthu?" adafunsa Eunice. "Manda yakalibe na kuuma."

"Muli nayo wailesi yoimbira kaseti, mulamu?"

"Ndani akali nayo masiku yano?"

Martina adatsegula kope nambala 4 n'kuwerenga mizere ingapo. Anali mawu a msodzi wina akuseka Ambrose chifukwa chokwera bwato atavala tayi. Eunice adaseka mpaka misozi, kenako adalira zenizeni. Adatulutsa kasetiyo, ndipo adatumanso uthenga kwa ana ake awiri kuti abweze zawo.

Kwina sikudali kophweka chotero. Ena adamuimika pakhomo osamupatsa mpando. Kwina adapeza kaseti itachirikiza mwendo wa tebulo. Mdzukulu wina adatenga yake kupita nayo ku Mazabuka, ndipo idabwera ndi kondakitala wa basi itakulungidwa m'pepala la buledi. Kumsika makasitomala ankadandaula kuti madiresi awo akuchedwa, iye n'kumalawirira m'mamawa kuti awamalize. Lachitatu la mlungu womaliza m'bokosi munali makaseti makumi awiri ndi asanu ndi anayi.

Yotsala inali nambala 17, ya amayi atatu owamba nsomba, yokhayo ya Chisoli chokhachokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Inali kwa Cephas.

Adamupeza kudimba kwake ku Shimabala akulongedza repu m'kagalimoto kake kakale.

"Namvela mbiri yanu," adatero Cephas osatembenuka. "Ati muyenda nyumba na nyumba monga ba census bowerenga bantu. Ine nagawa, imwe mugawulula?"

"Mudagawa bwino, ba mulamu. Jekete ndi nsapato sindikuzifuna. Koma makaseti mng'ono wanu adawalonjeza kale kusukulu."

"Ba yunivesite bazakulipirani zingati?"

"Palibe."

"Palibe! Manje muvutikira chani? Bantu ba ma digiri bathandiziwe na telala?"

"Adapempha, ife tili nazo," adayankha Martina.

Cephas adapukuta manja pathalauza. Adayang'ana fumbi limene linali pamapazi a mlamu wakeyo, n'kutsegula chitseko cha galimoto. Wailesi ya m'galimotomo inali yakale, ndipo pakamwa pake pankalendewera riboni ya kaseti, yabulauni, yopotanapotana.

"Nenze kufuna chabe kumvela mau yake," adatero motsitsa mawu. "Wailesi yadya."

Martina sadamukalipire. Adapempha sukuludiraiva. Adakhala pampando wa dalaiva ola lathunthu akutulutsa riboniyo pang'onopang'ono, monga amasomolera ulusi pansalu ya silika. Cephas adaima pomwepo atamugwirira chitseko, repu akufota padzuwa.

Kunyumba adayala riboniyo patebulo losokera. Pomwe idatafunika adadulapo ndi sizasi, n'kulumikiza nsonga ziwirizo ndi utoto wa zikhadabo, n'kuikulunga ndi bolopeni. Adaiyesa m'wailesi ya Ambrose. Amayi atatu aja adalankhula, adaseka, kenako pakati pa nyimbo mawu adalumpha. Masamba anayi a m'kope adatsala opanda liwu.

Lachisanu Dokotala Choolwe adafika pa minibasi. Adakhala pamphasa, nsapato atavula, akutsegula makope limodzi ndi limodzi. Martina adamuuza za masamba anayiwo asadafunsidwe.

"Malemu anali ndi dzanja labwino polemba," adatero mphunzitsiyo. Kenako maso ake adagwera papepala la mayina a abale lija, limene linali pamwamba m'bokosi. Adaliyika pambali pa kope, n'kuyang'ana uku ndi uku. "Amayi, adalemba makope awa ndani?"

"Iwo ankajambula. Ine ndinkangolemba."

"Kungolemba! Ndiye kuti nyimbo yodukayi mumaidziwa?"

"Ndidaibwereza kambirimbiri kuti ndiilembe bwino."

Dokotala Choolwe adatulutsa fomu ya opereka mphatso. Pamzere wa dzina adalemba Ambrose, n'kupereka cholembera kwa Martina kuti awonjezere lake. Martina adachilandira. Kenako adalemba ndi dzanja lomwe lija la m'makope, mosathamanga.

Mphunzitsiyo adaika foni yake patebulo losokera n'kuyatsa chojambulira. Martina adasuntha sizasi, adatsegula kope nambala 17 pomwe riboni idadukira, adakonza kukhosi, n'kuyamba kuimba pamzere umene amayi atatu aja adalekera.